MFUTI IKHALE M'MANJA MWA YANI?

Mtsutso wa kufufuza mbiri ya munthu asanalandire chilolezo

LILONGWE — Dzuwa likapendeka mu mzinda uno, munthu woyenda m'miseu ya ku Old Town amamva phokoso limodzi kuyambira ku Bwalo la Njobvu kufikira ku Malangalanga, ndilo phokoso la zitseko zachitsulo zimene eni masitolo ali kuzigwetsa ndi kuzikhoma ndi maloko awiri kapena atatu. Pamene alonda ali kuyala makatoni ao pakhonde, eni chuma amakwera magalimoto napita ku nyumba zao za kumayadi, ku Area 3, Area 9, Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47, kumene mipanda ya njerwa inatalika kuposa msinkhu wa munthu, ndipo pamwamba pache anayalapo waya waminga kapena wamagetsi.

M'nyumba zotere, ndiponso m'maofesi a ku City Centre, muli funso limene limabwerera nthawi iri yonse ikamveka mbiri yakuti achifwamba athyola sitolo kapena alanda galimoto pa chipata. Funsolo ndi ili: chifukwa ninji munthu wosunga malamulo ayenera kufunsidwa mafunso ambiri ndi kudikira nthawi yaitali asanaloledwe kugula mfuti, pamene mbala imene iri kumsaka siinapemphe chilolezo kwa munthu ali yense?

Funso limeneli si lachibwana, ndipo si la ku Lilongwe kokha. Ku America lagawanitsa mtundu kwa zaka zoposa 30, ndipo ku South Africa lafika kangapo ku Nyumba ya Malamulo ndi m'mabwalo a milandu. Kuno ku Malawi anthu amatsutsana mwakachetechete, pa khonde, pa maliro ndi m'misonkhano ya makomiti a chitetezo cha m'dera, koma nkhani yache ndi yomweyo: moyo wa munthu, ndi mphamvu ya Boma yonena kuti uyu ayenera, uyu sayenera.

CHIMENE LAMULO LINENA

Poyamba payenera kudziwika kuti m'dziko la Malawi kukhala ndi mfuti si ufulu wobadwa nao. Malamulo akulu a dziko, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, amatchula ufulu wa moyo, ufulu wokhala ndi chuma, wolankhula, wopembedza ndi wosonkhana, koma mulibe ndime yonena kuti nzika iri ndi ufulu wosunga chida. Za mfuti ziri m'lamulo lapadera la chaka cha 1967, lotchedwa Firearms Act. Monga mwa lamulo limeneli, munthu sangagule, kusunga kapena kunyamula mfuti ndi zipolopolo popanda chilolezo, ndipo chilolezocho si chamuyaya, pakuti mwini mfuti ayenera kukachikonzanso chaka ndi chaka.

Nchito yoona mapempho iri m'manja mwa apolisi, ndipo kaundula wa mfuti za anthu amasungidwa ku likulu lao ku Area 30. Wopempha ayenera kupereka chifukwa chomveka, monga kuteteza moyo ndi katundu, kusaka nyama mololedwa, kapena kupirikitsa zirombo m'munda. Apolisi nao amafuna kudziwa ngati munthuyo anapezekapo wolakwa pa bwalo la milandu, ngati mutu wache uli bwino, ngati ali wodziletsa, ndiponso ngati chidacho chidzasungidwa pa malo okhomeka. Mfuti zankhondo, monga AK-47, siziloledwa kwa munthu wamba. Kufunsa kumeneku ndiko kumene kuli kutchedwa kufufuza mbiri ya munthu, ndipo ndiko kumene ena akuyesa chitetezo, ena akuyesa chipongwe.

KUCHOKERA KU GOGODERA

Okalamba akumbukira mfuti ya gogodera, ija yothira onga kukamwa ndi kutsendera ndi ndodo. Mfuti zotere zinachuluka m'dziko muno m'zaka za m'ma 1800, pamene amalonda a minyanga ndi akapolo anali kubwera kuchokera ku nyanja ya mchere. Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga anakula mphamvu chifukwa cha onga. Mfumu yokhala ndi mfuti inagwira anthu a mfumu yopanda mfuti, nigula nao mfuti zina, ndipo midzi yambiri inasanduka mabwinja.

M'chaka cha 1890 maiko akulu anapangana ku Brussels kuti mfuti zamakono zisagulitsidwe mwachisawawa m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo m'chaka chotsatira Angerezi analengeza kuti dziko lino liri m'manja mwao. Panganolo linanenedwa kuti ndi lothetsa ukapolo, komanso linathandiza atsamunda, pakuti mfuti yabwino inakhala ya Boma ndi ya Mzungu, ndipo mwini dziko anatsala ndi gogodera, nayonso mwa chilolezo. Pamene John Chilembwe anaukira atsamunda pa 23 January, 1915, anatuma anthu ache kukathyola nkhokwe ya zida ya kampani ya Mandala ku Blantyre. Anapezako mfuti zowerengeka chabe, ndipo kuukirako kunazima m'masiku ochepa. Apa ndi pamene pali muzu wa kukaika kumene anthu ena ali nako kufikira lero: makolo ao anaona chilolezo chiri kusankha khungu.

Lamulo la 1967 nalonso linabadwa m'nyengo ya mantha. Mu February, 1965, anthu a Henry Chipembere anaukira boma la Fort Johnston, limene tsopano ndi Mangochi, natenga mfuti za apolisi. Ndipo mu October, 1967, Yatuta Chisiza analowa m'dziko ndi kagulu ka zida kudzera cha ku Mwanza, naphedwa pa nkhondoyo. Pa nthawi imeneyo Lilongwe anali tauni ya malonda a fodya ndi mtedza, ya anthu osafika 20,000 monga mwa kalembera wa 1966, ndipo mkulu wa apolisi anatha kudziwa ndi nkhope anthu ambiri ofunsira mfuti. Mzindawu unakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi 990,000. Chobvala chimene chinasokedwera kamwana chiri kubvalidwa ndi munthu wandebvu.

SABATA IMODZI YA CHAKA CHA 1993

Pali chinthu chodabwitsa chimene ambiri sachidziwa. Maiko awiri, America ndi Malawi, analimbana ndi funso la mfuti m'sabata imodzimodzi, koma ali yense m'njira yache.

Pa 30 November, 1993, President Bill Clinton anasaina lamulo lotchedwa Brady Act. Dzinalo ndi la James Brady, mneneri wa President Ronald Reagan, amene analumala ataomberedwa m'mutu mu 1981 ndi munthu wofuna kupha Reagan. Lamulolo linati ali yense wogula mfuti m'sitolo yobvomerezeka ayambe wafufuzidwa, ndipo kuyambira mu 1998 wogulitsa amafunsa ku kaundula wa pa kompyuta wa bungwe la FBI, amene kawirikawiri amayankha m'mphindi zochepa. Ku America nkhaniyi ndi yobvuta chifukwa ndime yachiwiri yoonjezera ku malamulo ao akulu, ya chaka cha 1791, imateteza ufulu wosunga ndi kunyamula zida. Mu 2008 bwalo lao lalikulu linagamula kuti ufuluwo ndi wa munthu payekha m'nyumba mwache, ngakhale linanenanso kuti uli ndi malire.

Tsiku lotsatira kusaina kwa lamulo la Brady, pa 1 December, 1993, asilikari awiri anaphedwa ku Mzuzu ndi a gulu la Malawi Young Pioneers. Gulu limeneli linakhazikitsidwa mu 1963 kuti liphunzitse achinyamata ulimi ndi nchito zamanja, koma linafika pokhala ndi nkhokwe zache za zida kunja kwa ulamuliro wa gulu lankhondo ndi wa apolisi. Pa 3 December, pamene Dr. Kamuzu Banda anali kuchira opaleshoni ya m'mutu ndipo dziko linali m'manja mwa bungwe lotsogozedwa ndi Gwanda Chakuamba, asilikari anatuluka kukalanda zidazo. Nchitoyo inatchedwa Operation Bwezani. Anthu a ku City Centre ndi a m'mayadi ozungulira anamva mfuti ziri kulira pa likulu la gululo, ogwira nchito anathawa m'maofesi, ndipo anthu oposa 20 anafa. A Pioneer pafupifupi 2,000 anathawira ku Mozambique, ambiri a iwo ndi zida m'manja.

Tsono pamene Aamerica anali kukangana za m'mene angafufuzire munthu mmodzi wogula mfuti imodzi, Amalawi anali kulanda zida kwa gulu lathunthu limene palibe anali kulifunsa kanthu. Phunziro limene anthu a ku Lilongwe anatola m'masiku aja ndi lakuti mfuti yopanda woifunsa, ingakhale iri m'manja mwa munthu wobvala yunifolomu, imatembenukira anthu amene inayenera kuwateteza.

MAU A OFUNA MFUTI

Angakhale ziri chomwecho, ofuna kuti njira ifupikitsidwe ali ndi mfundo zoyenera kuzimva. Wamalonda wa ku Old Town amagona ndi nkhawa ya ndalama za tsiku limenelo, ndipo adziwa kuti mlonda wache ali ndi chibonga, wezulo ndi tochi chabe. Mwini nyumba wa kumayadi adziwa kuti mpanda umene umamteteza ndi womwewo umene umabisa mfuu yache, pakuti kumayadi munthu atha kukhala zaka zambiri osadziwa dzina la mnansi wache. Ku Kawale kapena ku Chilinde mkuwe umodzi umadzutsa mzere wonse wa nyumba. Ku Area 10 umathera m'mitengo. Ndipo apolisi, angakhale afune chotani, sangakhale pa chipata chiri chonse m'mphindi imene achifwamba afika.

Anthu otere amati lamulo liri kulanga wosalakwa. Mbala siidzaza fomu, siidinditsa zala, siidikira yankho. Wodikira ndi yekhayo amene analibe cholinga choipa chiyambire. Amaonjezanso kuti pamene mphamvu yobvomereza kapena kukana iri m'manja mwa anthu ochepa, ndipo palibe tsiku loikika loperekera yankho, pamatseguka khomo la kukondera, kotero kuti wodziwana ndi akulu atha kulandira msanga pamene mlimi wa ku Mitundu, amene afisi amgwirira mbuzi, ali kubwerera chimanjamanja. Ena amadandaula za chinsinsi chao: afunsa kuti mbiri ya matenda ao ndi ya banja lao ikaperekedwa kwa apolisi, adzaisunga ndani, ndipo adzaiona ndani?

Pali enanso amene amakumbutsa za pa 20 July, 2011, pamene anthu 20 anafa pa zionetsero m'mizinda ya dziko lino, kuphatikizapo Lilongwe, ambiri a iwo ndi zipolopolo za apolisi. Iwo amati Boma lisanafufuze nzika, liyambe laonetsa kuti liri kufufuza manja amene linawapatsa zida lokha. Mfundo imeneyi ndi yowawa, koma wakutsina khutu ndi mnansi.

MAU A OFUNA KUFUFUZA

Mbali inayo iyankha ndi chinthu chimene chinachitika m'kati mwa mayadi momwemo. Usiku wa pa 13 September, 2013, Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, anaomberedwa ali m'galimoto pa chipata cha nyumba yache ku Area 43. Anapulumuka atakalandira chithandizo ku South Africa, ndipo kuomberedwa kwache kunatsegula nkhani ya kubedwa kwa ndalama za Boma ku Capital Hill, imene inatchuka ndi dzina lakuti Cashgate. Mu 2016 Bwalo Lalikulu ku Lilongwe linapeza anthu atatu olakwa pa mlanduwo, mmodzi wa iwo Ralph Kasambara, amene anakhalapo Nduna ya Zachilungamo, ndipo iye analamulidwa kukhala m'ndende zaka 13 chifukwa cha kupangana chiwembu. Anachita apilo, natulutsidwa pa belo mu 2018, ndipo anamwalira mu 2024.

Ofuna kufufuza amatolapo maphunziro awiri. Loyamba ndi lakuti woukira ndiye amasankha nthawi, ndipo munthu wodzidzimutsidwa pa chipata, manja ali pa chiongolero, sathandizidwa ndi mfuti iri m'kabati ya kuchipinda. Lachiwiri ndi lakuti udindo, maphunziro ndi suti yabwino si umboni wakuti munthu sangakhudzidwe ndi chiwawa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati kufufuza kuyenera kuchitika, kuchitike kwa onse mofanana, kwa bwana wa ku Area 43 monga kwa mlimi wa ku Mitundu.

Amanenanso kuti mfuti imakhala m'nyumba masiku onse a chaka, pamene mbala ibwera usiku umodzi, kapena siibwera konse. M'masiku ena onsewo chidacho chimakhala pamodzi ndi mkangano wa m'banja, ndi mowa, ndi mwana wofuna kuona chimene atate abisa, ndi munthu wosweka mtima chifukwa cha ngongole. Mkwiyo umene ukanathera pa mau kapena pa nkhonya umathera ku manda, ndipo madzi akatayika saoleka. Komanso mfuti yokhala ndi chilolezo ikabedwa, imalowa m'gulu la zopanda chilolezo, nibwerera kudzaopsa mnansi wa mwini wache. Lamulo la dziko lino limalola munthu kudziteteza, koma mphamvu imene agwiritsa nchito iyenera kulingana ndi choopsa chimene chamfikira. Woombera mbala imene iri kuthawa atha kudzipeza yekha ali pa bwalo la milandu.

UKONDE WOBOOKA SUGWIRA NSOMBA

Koma kufufuza kokha, kopanda kaundula wodalirika, kuli ngati ukonde wobooka. Za ku America zionetsa zibowo zitatu. Choyamba, lamulo la Brady limakhudza masitolo obvomerezeka, ndipo m'zigawo zambiri munthu wamba atha kugulitsa mfuti yache kwa mnzache popanda kufunsa kaundula. Ana 20 ndi akulu 6 ataphedwa pa sukulu ya Sandy Hook mu December, 2012, aphungu ena anayesa kuchepetsa chibowo chimenechi, koma mu April, 2013, anapeza mavoti 54 pamene panafunika 60. Ndipo mfuti za tsiku lija zinali za mai wache wa wakuphayo, zogulidwa mololedwa, chimene chionetsa kuti kufufuza wogula sikufufuza onse a m'nyumba mwache.

Chachiwiri ndi nthawi. Lamulo lao limati yankho likapanda kubwera m'masiku 3 a nchito, wogulitsa atha kupereka mfuti. Mnyamata amene anapha anthu 9 m'tchalitchi ku Charleston mu 2015 anapeza chida chache mwa njira imeneyi. Chachitatu ndi kaundula wosakwanira. Munthu amene anapha anthu 26 m'tchalitchi ku Sutherland Springs mu 2017 anali atapezeka kale wolakwa pa mlandu womenya mkazi ndi mwana, koma gulu lankhondo la mumlengalenga, kumene iye anali kugwira nchito, silinatumize mbiriyo ku kaundula, ndipo kompyuta inamuona ngati munthu woyera. Mu 2022 Aamerica anaonjezera kufufuza kwa ogula osafika zaka 21, koma mkangano wao sunathe.

South Africa, kumene Amalawi ambiri ali kugwira nchito, inatenga njira yolimba. Lamulo lao la chaka cha 2000, limene linayamba kugwira nchito mokwanira mu 2004, limafuna kuti wopempha akhale wa zaka 21, kupatula pa zifukwa zapadera, ayambe waphunzira kagwiridwe ka mfuti ndi kulandira kalata yosonyeza kuti akhoza, ndipo chilolezo cha mfuti yodzitetezera chimatha pakapita zaka 5. Koma kumeneko chibowo chinapezeka m'nyumba ya alonda eni ache. Mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo, anaba mfuti zoposa 2,000 zimene zinayenera kuonongedwa, ndipo zinakafika kwa magulu a zigawenga ku Cape Town. Analamulidwa kukhala m'ndende zaka 18 mu 2016.

Kwa Malawi mafunso otuluka apa ndi osabisika. Kodi chigamulo cha bwalo la milandu ku Karonga kapena ku Nsanje chimafika msanga ku Area 30? Kodi mwamuna amene bwalo lamletsa kuyandikira mkazi wache, monga mwa lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, dzina lache limaonekera kwa woona mapempho a mfuti? Kodi mwini mfuti akamwalira, mfutiyo imapita kuti pamene abale ali kugawana katundu? Chida chothandizira kuyankha mafunso otere chiripo tsopano, pakuti mu 2017 Boma linalemba anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa ziphaso za unzika, pamodzi ndi zidindo za zala zao. Kaundula ameneyu akalumikizidwa ndi wa milandu ndi wa mfuti, munthu sangasinthe dzina pakati pa boma lina ndi linzache.

Dandaulo la kukondera nalonso liri ndi mankhwala m'malamulo akulu a dziko. Ndime 43 imapatsa munthu ali yense ufulu wakuti akulu a Boma amchitire mwa chilungamo ndi motsata njira yoyenera, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chao chikhudza zofuna zache. Wokanizidwa mfuti alibe ufulu wa mfutiyo, koma ali ndi ufulu wodziwa chifukwa, ndipo atha kukadandaula kwa Ombudsman kapena ku bwalo la milandu. Bungwe lounika malamulo, Law Commission, linaliunikapo lamulo la 1967 ndi kupereka maganizo akuti likonzedwe kuti ligwirizane ndi nyengo ino. Mphamvu yosandutsa maganizo otere kukhala lamulo iri m'manja mwa aphungu, m'nyumba yao ya ku City Centre.

MFUTI ZIMENE SIZIFIKA KU AREA 30

Chiwerengero chithandiza kuona kukula kwa nkhaniyi. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva linayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba ku Malawi anali ndi mfuti pafupifupi 47,000, ndiko kunena mfuti 3 pa anthu 1,000 ali onse. Pa muyeso womwewo Zambia inali ndi 9, Mozambique 45, South Africa 97, ndipo America inali ndi mfuti zoposa 1,200 pa anthu 1,000, mfuti kuchuluka kuposa anthu. Malawi ali m'gulu la maiko okhala ndi mfuti zochepa kwambiri pa dziko lapansi, ndipo ichi ndi chuma chimene sichilembedwa m'bajeti. Koma bungwe lomwelo linayerekeza kuti mwa mfuti 47,000 zija, zolembedwa m'kaundula zinali 12,500 zokha.

Zambiri za zosalembedwazo ndi gogodera za m'midzi ndi zotsalira za nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October, 1992. M'zaka za nkhondoyo dziko lino linasunga othawa oposa 1 miliyoni, ndipo malire ache ndi otseguka: pakati pa Dedza ndi Ntcheu mseu waukulu umayenda pa malire penipeni, ndipo mapiri a Dzalanyama, kumene kuchokera mtsinje wa Lilongwe, ali m'malire momwemo. Ku Mozambique mipingo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, inayamba mu 1995 kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Koma si zonse zinabwezedwa, ndipo AK-47 yokutidwa bwino imakhala zaka zambiri pansi pa nthaka osaola.

Chifukwa chache maiko a m'chigawo chino anaona kuti palibe angathe yekha. Pa 14 August, 2001, atsogoleri a SADC anasaina ku Blantyre pangano la kuyang'anira mfuti ndi zipolopolo. M'panganolo analonjeza kuletsa kukhala ndi mfuti mwachisawawa, kusunga kaundula mmodzi wa mfuti za anthu wamba, kuika zizindikiro pa mfuti kuti mwini wache adziwike, ndi kuika malire a kuchuluka kwa mfuti zimene munthu mmodzi angakhale nazo. Bungwe la African Union nalo linapatula mwezi wa September, kuyambira mu 2017, kuti ukhale nthawi imene anthu alimbikitsidwa kupereka mfuti zosaloledwa popanda kuimbidwa mlandu. Kotero kufufuza mbiri ya wopempha mfuti si nkhanza ya apolisi a ku Area 30 okha. Ndi lonjezo limene dziko linapanga pamaso pa anansi ache, pa nthaka yache yomwe.

POMANGA NKHANI

Mbali zonse ziwiri zikaikidwa pa sikelo, zioneka kuti sizitalikirana monga eni ache aganizira. Wofuna mfuti sanena kuti wamisala kapena womenya mkazi apatsidwe chida. Chimene adana nacho ndi kuchedwa, kukondera ndi kukanizidwa popanda chifukwa. Wofuna kufufuza naye sanena kuti wamalonda aphedwe ali manja lende. Chimene aopa ndi mzinda umene galimoto iri yonse yobanikizana pa mlatho wa Lilongwe madzulo iri ndi mfuti pansi pa mpando. Onse awiri athandizidwa ndi zinthu zomwezo: mafunso ofanana kwa onse, tsiku lodziwika la yankho, chifukwa cholembedwa kwa wokanizidwa, maphunziro a kagwiridwe ka chida, kuyendera malo osungira, ndi kuwerenga kawirikawiri mfuti za m'nkhokwe za Boma ndi za makampani a alonda.

Maiko amene mfuti zinasefukira kale ali kuyesa kuzibweza ndi misozi, ndipo ziri kuwakanika. Malawi akali ndi mwai woika malamulo ache m'malo mwache pamene mfuti zikali 3 pa anthu 1,000. Akale anati nkhanga zinapangana kusanapse. Mwini sitolo wa ku Malangalanga amene adikira yankho lache kuchokera ku Area 30 ali ndi chifukwa chodandaulira kuchedwa, koma mafunso amene ali kumtopetsa ndi omwewo amene adzafunsidwa mnansi wache wa kuseri kwa mpanda, amene iye sadziwa mtima wache.